Geti Losandikhulupirira

Ine ndinabadwa wokayika. Amayi ankati ngakhale bere ndinkayamba ndalinunkhiza ndisanayamwe. Makolo athu anachokera kummawa, cha ku Katete, nadzapempha malo kuno ku Chongwe, kwa mfumu Nkomeshya. Atate ankalima, akulu anga a Yelesani ankalima, ine ndinakula ndi pakamwa. Ndinkagula tomato kumadimba n'kukagulitsa m'mphepete mwa msewu wa ku Lusaka, ndipo sindikumbukira tsiku limene ndinalipira mtengo woyamba umene munthu wanditchulira. Wogulitsa akatchula, ine ndinkayamba ndaseka, kenaka ndichoke pang'ono, kenaka ndibwerere ngati ndaiwala chipewa.

Chimene chinandichotsa kwathu ndi sopo. Zinali zaka zija za Chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkafika m'sitolo ngati mlendo wa pa njinga, wopereka moni ali chikwerere. Ine ndinkapeza mtanda wa sopo mwa njira zanga, kuucheka ndi ulusi, n'kumagulitsa timapisi. Tsiku lina anyamata a Chipani anandizungulira pamsika. Anafunsa khadi, ndinawaonetsa. Anati khadi lili bwino, komuledi, koma sopoyu ndi wa mtundu wonse. Khadi anandibwezera. Mtundu wonsewo unakasamba kunyumba kwa tcheyamani.

Ndinauza mkazi wanga Esinati, amake Dalitso, kuti ndikupita ku Halale. Nkhondo ya kumeneko inali itatha, malire a ku Chirundu atatseguka, ndipo madalaivala ankati uko sopo amagwira fumbi m'sitolo. Esinati sanalire. Anangoti, "Mukafika, mufunseko mtengo wa makina osokera." A Yelesani anandiperekeza mpaka pamsewu atanyamula chikwama changa, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Vonse uzituma kuli ine," anatero. "Mkazi sasunga ng'ombe. Ine nizakugulira, nizakusungira. Ukabwera upeza khola lazula."

Ndinayang'ana dzanja lawo pa chikwamacho. Ndinakayika, inde. Koma lole inali italiza kale, ndipo dalaivala sanali wachibale wanga.

Ku Halale ntchito inandipezera Jailosi, Mmalawi wa ku Dedza, amene anandimva ndikukangana ndi wogulitsa mabanzi. Anati munthu wotsitsa mtengo wa banzi m'dziko la eni ake ayenera kukhala m'bale wake basi. Iye anali mlonda wa pageti pa malo ena a kumayadi. Ine ndinalowa wothirira maluwa, wometa kapinga, ndi wopaka penti ikafunika.

Malowo anali otere. Nyumba zambiri zofanana ngati mazira, mkati mwa khoma limodzi, geti limodzi. Aliyense anagula yake ndi thukuta lake. Koma msewu wa mkati, kapinga, mitengo, mipope, ngakhale mtundu wa penti ya pa chitseko chako, zinali m'manja mwa komiti ya eni nyumba. Eni nyumbawo ankasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo ife tinkadya za m'chosonkhacho.

"Bwana wathu ndi komiti, achimwene," Jailosi anandichenjeza. "Alibe nkhope. Simungamugwire dzanja."

Ndinati palibe munthu wosatsitsika. Ndinapita kwa wapampando wa komitiyo, dona wina wowonda amene ankayenda ndi tiagalu tiwiri tonga makoswe ovala ubweya, kukapempha kuti andiwonjezere. Anandimvera chisoni kwambiri. Anati iye akanakonda, koma komiti. Ndinapita kwa mzungu wokalamba wosunga thumba. Nayenso akanakonda, koma komiti. Ndinazungulira nyumba zonse, aliyense akanakonda. Sindinaonepo anthu okonda chonchi, ndipo sindinawonjezeredwe.

Tinkagona m'kachipinda kuseri kwa magalaja, ine ndi Jailosi, bedi la Jailosi, pansi panga. Alendo sankaloledwa. Kuyanika zovala poonekera sikunkaloledwa. Fungo la kapenta nalo linali ndi lamulo lake, motero tinkakazinga titatseka chitseko, mpata wa pansi titautsekera ndi bulangeti, maso akutuluka misozi, tikuseka ngati akuba. M'nyengo yozizira ya kumeneko zala zinkakana kugwira payipi. Jailosi ankandipatsa jekete lake la ulonda m'mamawa, ine ndinkamugulira zinthu ku Mbare, chifukwa iye pamsika anali ngati mwana: akamutchulira mtengo, ankathokoza. Ndinadwala chifuwa chaka china, anandibisa sabata yonse n'kumathirira maluwa yekha dzuwa lisanatuluke, kuti komiti isadziwe kuti wantchito wake ali ndi mapapo.

Kwathu ndinkatumiza kudzera mwa madalaivala: sopo, majarini, mabulangeti, ndi ndalama za ng'ombe zija kwa a Yelesani. Makina osokera ndinawasaka miyezi. Mmwenye wa sitolo ya makinawo anafika pondidziwa kutsokomola. Tsiku limene anandigulitsa anati, "Tenga, pita, usabwerenso." Makina amenewo sindinawatumize kwa akulu anga. Ndinalipira dalaivala kawiri kuti akawatule m'manja mwa Esinati mwini.

Ndiye kunabwera bambo Dube.

Anali munthu wakuda woyamba kugula nyumba mkati mwa khoma lija, kalaliki wa kunjanji, wa tayi ndi nsapato zowala. Tsiku limene anadzaona nyumba ine ndinamugwirira makwerero. Ndinamusirira munthu ameneyo. Anagogoda makoma, anakwera kudenga, anatsegula mipope yonse nthawi imodzi, anapeza mng'alu kuseri kwa kabati umene mwini nyumba ankayesa kuti akuudziwa yekha. Anaseka, anachoka pang'ono, anabwerera. Mtengo unatsika. Ndinauza Jailosi kuti uyu ndi wa mpingo wathu.

"Wafunsa za malamulo?" anatero Jailosi.

"Nyumba ni yake, malamulo ya chani?"

"Tiona."

Tinaonadi. Mvula yoyamba itagwa, mayi Dube anabzala chimanga kuseri kwa nyumba yawo. Chitafika m'mawondo, ndine amene ndinatumidwa kukachizula. Nkhuku zinabwera m'dengu kuchokera kumudzi, zinagona usiku umodzi, zinabwerera. Tiagalu tija tinali ndi ufulu wonyera paliponse, ine wotola, koma tambala ankasokoneza mtendere. Bambo Dube anapaka chitseko chake penti yobiriwira. Ndinaipakanso yoyera, iye ataima pambali manja m'thumba. Achibale ake akakhalitsa, dona ankaima pageti kufunsa Jailosi kuti anthu aja abwerera liti.

Zonsezo akanapirira. Koma amayi ake, amene ankakhala nawo, anamwalira.

Inu mukudziwa mmene timachitira, ndipo a kumeneko amachita chimodzimodzi. Mipando imatuluka m'nyumba, azimayi amakhala mkati pa mphasa, azibambo panja, nkhuni zimabwera, moto umayaka, ndipo munthu safunsidwa kuti wabwera ndi chilolezo cha yani. Pofika masana mabasi anali atayamba kutsitsa anthu pamsewu. Dona anabwera pageti ndi tiagalu take. Anati akumva chisoni kwambiri. Anati iye akanakonda. Koma moto pabwalo suloledwa, kapinga ndi wa onse, nyimbo zimasokoneza anansi, ndipo olowa akhale achibale ochepa okha. Ngolo ya nkhuni inabwezedwa. Kenaka anandiitana ine, nati nditsegule madzi othirira kapinga kuti anthu asakhalepo.

Ndinamuuza kuti chotsegulira mpope chasowa. Musandiyese wolimba mtima. Ndinali nditaona kukula kwa mapewa a adzukulu a gogoyo, ndipo ndinadziwa kuti komiti ilibe nkhope koma ine ndili nayo.

Anthu anakhala kunja kwa khoma, m'ngalande ya msewu, azimayi atafunda nsalu, magalimoto akuwathira fumbi. Mkati munali zii, maluwa anga ali bwinobwino. Jailosi anagwira geti tsiku lonse osayang'ana munthu kumaso. Bambo Dube ankayenda pakati, kulowa, kutuluka, tayi ili m'thumba. Atadutsa pafupi ndi ine anaima.

"Iwe wa ku Zambia, unandigwirira makwerero tsiku lija," anatero. "Ndinayang'ana denga. Bwanji sunandiuze kuti ndiyang'ane anthu?"

Ndinamupatukira kuti adutse. Koma ndinalumbira mumtima kuti ine, mwana wa atate, sindidzagula nyumba ya geti limodzi, ngakhale andipatse pa mtengo wa banzi.

Zaka zinapita. Mapepala a alendo anayamba kuvuta, bondo nalo linayamba kulankhula. Ndinatsazikana ndi Jailosi pa siteshoni ya mabasi. Anandipatsa jekete lija. Ndinamupatsa malangizo a mmene angagulire tomato, ndikudziwa kuti ndikutaya mawu.

Kwathu ndinapeza Dalitso ali ndi ndevu zoyamba, akundipatsa moni wa alendo. Esinati anali atasanduka telala wodziwika. Mayunifomu a sukulu za kufupi ankatuluka pa makina aja. Khola la a Yelesani linalidi lodzaza.

"Zanga ni ziti, akulu?" ndinafunsa titatsamira pa mpanda.

"Zako?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ku Halale bakuphunzisa vimenevo? Izi ni za banja. Ija yako yeniyeni inafa na nkhupakupa."

Nkhupakupa za kwathu n'zophunzira. Zimadziwa ng'ombe ya munthu amene ali kunja.

Ndinameza, chifukwa ndinali ndi kanga kena kamene ndinasunga ndekha, kosadziwa a Yelesani. Maganizo anga anali omanga nyumba ya malata pamudzi pomwepo. Akulu anga anakondwera nazo kuposa ine. Anandisankhira malo pafupi ndi pawo, nati malata ndigule a mtundu wolimba, okhalitsa. Munthu akakondwerera malata ako kuposa iwe, yamba kugona ndi diso limodzi.

Tisanaumbe njerwa, msuweni wathu Laitoni, kalipentala wa ku Kanakantapa, anagwa ndi matenda a masiku ochepa. Maliro ake anali maliro enieni, moto, nyimbo, anthu mpaka kumunda. Ndinakhala pa chitsa n'kumati, bambo Dube akanaona izi. Koma m'mawa mwake titaika, akuchimuna tinaitanidwa pabwalo, ndipo a Yelesani ndi amene anakhala pakati. Katundu anatulutsidwa. Njinga kwa uyu, wailesi kwa uyo, zipangizo za ukalipentala kwa malume amene sanakhomepo msomali. Bedi linamasulidwa. Mbale zinawerengedwa ndi maso. Dzuwa lisanafike pamutu, anyamata anali padenga akuzula malata. Mkazi wa Laitoni anakhala pansi pa mtengo ndi ana ake, atagwira poto mmodzi pamiyendo, osalira, chifukwa misozi anali ataimaliza dzulo lake pa mwamuna.

Zimenezi ndinakula ndikuziona. Koma munthu ukachoka n'kubwerera, zinthu za kwanu zimakuonekera ngati za eni ake.

Pobwerera tinadzera kwathu, a Yelesani kuti amwe madzi. Esinati anali pa makina. Akulu anga anaima pakhomo, kapu ili m'manja, maso ali pa gudumu lozungulira lija.

"Aya makina ni olimba, mulamu," anatero. "Yazakhalitsa."

Atapita, Esinati sanaimitse phazi. Analankhula akuyang'ana singano.

"Atate ake Dalitso, mukafa munisiyireko mphasa. Muuziretu akulu banu."

Ndinayesa kuseka. Sizinatheke. Bondo langa, chifuwa chija cha ku Halale, zonse zinandikumbutsa kuti Laitoni anali wamng'ono kwa ine.

Ndi Esinati yemweyo amene anamva kwa makasitomala ake za nyumba yogulitsa cha ku Chalimbana. Kunali famu yakale imene mwini wake anaisiya, ndipo aphunzitsi opuma ntchito ndi manesi angapo anagwirizana, naipeza, namangamo nyumba. Ankaitcha sosaite. Mphunzitsi wina wokalamba, ba Lungu, ndiye amene ankagulitsa yake chifukwa ankafuna kutsatira mwana wake ku Kitwe. Ndinapita ndekha kukaona, ndipo nditangotsika minibasi mtima unagwa: mpanda wa nkhadze kuzungulira, waya, ndi geti limodzi.

Ndikanabwerera pomwepo, koma ndinali nditalipira kale ulendo.

Pageti panalibe mlonda wa jekete. Panali mtengo wa mango, ndipo pansi pake azimayi akuswa nshawa, mtedza uja. Ankasinthana, ndinamva pambuyo pake, lero a nyumba iyi, mawa a nyumba iyo. Wamkulu wawo anali ba mai Nyirenda, mphunzitsi wopuma, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, wapampando wa komiti. Komiti! Ndinayang'ana pansi kufunafuna tiagalu.

Nyumba ya ba Lungu ndinaichita zonse za bambo Dube. Ndinagogoda, ndinakwera, ndinasuzumira m'chimbudzi. Inali yabwino, zimene zinandikwiyitsa. Ba Lungu anatchula mtengo. Ndinaseka, ndinachoka pang'ono, koma m'malo mobwerera ndinapita pansi pa mango paja n'kukhala pa njerwa.

"Ba mai, nifunseko. Milisi, chimanga nikamba, kuseri kwa nyumba, muvomereza?"

"Nanga muzadya maluwa?"

"Nkhuku?"

"Zanu. Zikalowa mu dimba ya munzanu ni ndiyo yake."

"Chitseko nikapaka penti ya gilini?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Olo mupake ya mbizi, tate. Ni chitseko chanu."

Azimayi anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa wogulitsa akavomera zonse msanga, chovunda chili pansi pa dengu.

"Nanga nikafa? Moto muyasha kuti? Banthu bangene bangati?"

"Mwabwera kugula nyumba olo manda?" anatero mmodzi wa azimayiwo.

"Musiyeni, afunsa bwino," anatero ba mai Nyirenda. "Maliro ni maliro. Geti timatsegula mbali zonse, nkhuni timasonkha tonse. Bangene bonse, olo bachoke ku Katete na mabasi. Kungena kulibe lamulo."

Anatsindika mawu akuti kungena, ndiko kulowa. Ndinamva. Ndinafunsa kuti nanga lamulo lili pati, koma iye anabwerera ku nshawa zake, nati ndikafuna kumva zonse ndibwere ndi mkazi wanga, chifukwa sosaite sigulitsa nyumba kwa munthu mmodzi ngati ali pabanja. Amalowa awiri, amakhala mamembala awiri.

Apo ndiye ndinati ndagwira. Akufuna chosonkha cha anthu awiri, akuba awa. Ndinayamba kuzungulira ngati wapolisi. Ndinacheza ndi bambo wina amene ankakonza njinga, ndinamugulira fodya. Anandiuza zoipa zonse mosavuta: kusonkha za pampu ya madzi mwezi ndi mwezi, ndipo ikafa musonkhanso, kukwirira maenje a mumsewu Loweruka, tcheyamani wa Chipani akafuna anthu a msonkhano amayambira pomwepo chifukwa muli pamodzi, kachasu saphika, mbuzi pa chingwe, ukafuna kugulitsa nyumba, wogula ayambe wakhala pansi pa mango, misonkhano yotalika mpaka matako kufa. Zonsezo ndinazisunga ngati miyala yogendera mtengo wa ba Lungu. Koma ndinkafuna mwala waukulu. Malonda alionse ali ndi mdani wake, ndipo mdaniyo ndi amene amadziwa zoona. Ndinafunsa wokonza njingayo ngati alipo munthu amene amadana ndi sosaite.

"Pitani pa thaveni ya pa mphambano," anatero. "Mufunse wa chipewa cha chikumba. Simuzafunika kumufunsa kawiri."

Ndinamupeza masana, ndinamugulira chibuku. Nditangotchula sosaite anamenya tebulo.

"Mfiti zija! Musagule, mudala, muzalira. Mukulu wanga anafera mwamene muja. Mukulu wanga, mimba imozi! Tinalira, tinamushika kumanda, vonse bwino. Mailo yake, kutacha, tabwera na ngolo, ise ba banja, kutenga katundu monga mwa mwambo. Tapakira. Tafika pa geti, bakazi bakhala pansi pa msewu. Ati kulibe chochoka. Nati ni va mukulu wanga! Ati mwine nyumba alipo. Nati mwine nyumba tashika mailo! Ati munashika umozi, winangu uyu apa. Baitana mulamu, bamufunsa pa menso pa banthu, ichi mwapasa? Ati iyai. Ichi? Iyai. Banatisiya na jekete na nsapato, vamene anatipasa yeka. Olo supuni, mudala! Tinabweza ngolo ilibe kanthu, ng'ombe zinachita kudabwa."

"Simunapite ku polisi?"

"Bati nyumba ili mu maina yabili, pitani mukambirane. Tikambirane na ndani? Uyo Nyirenda akuti iye angakonde, koma komiti!"

Chibuku chinandipita m'mphuno. Ndinatsokomola mpaka munthuyo anandimenya pamsana. Mawu omwe aja, a dona wa tiagalu, ndawapeza kwathu atavala chitenje.

Ndinamufunsa kuti lamulolo analiyambitsa ndani. Anati Nyirenda yemweyo ndi anzake. Mwamuna wake atamwalira, kale, asanabwere kuno, achibale anamusiya ndi magalasi okhawo. "Manje abwezera pali ise," anatero, "ise tinamuchita chani?"

Ndinamugulira china, mwa kufuna kwanga, ndipo mpaka lero sadziwa chimene anandigulitsa.

M'minibasi ndinaganiza za bambo Dube. Anayang'ana denga osayang'ana anthu. Ine ndinayang'ana anthu, koma ndinkawafunsa mafunso a ku Halale. Mpanda uliwonse unamangidwa ndi munthu amene china chake chinamuluma. A ku Halale aja ankaopa phokoso ndi utsi ndi ife. Awa ankaopa ngolo. Usanagule nyumba ya m'gulu, peza chimene chinaluma omanga mpandawo, ndipo udzifunse ngati iwe uli mbali ya olumidwa kapena ya oluma. Ine, kunena zoona, ndinali m'bale wa oluma, wokwatira wolumidwa.

Ndinamuuza Esinati zonse, kenaka ndinamuphunzitsa ntchito. "Mailo tikapita, iwe nkhope ikhale monga wamwa mankhwala. Ukambe kuti khichini ni ing'ono. Ukambe za pampu. Nikanyamuka, unyamuke. Nikaseka, usaseke, kuseka ni kwanga."

Anavomera bwinobwino.

Tinakhala pansi pa mango, ba Lungu, ba mai Nyirenda, azimayi a nshawa, ndi ife. Ndinayamba bwino. Ndinatchula pampu, ndinatchula maenje a mumsewu, ndinatchula mbuzi pa chingwe ngati kuti ndili ndi mbuzi. Ba Lungu anayamba kupukuta thukuta. Ndinaona mtengo ukugwedezeka ngati dzino la mwana. Kenaka ba mai Nyirenda anatembenukira kwa Esinati.

"Imwe amake mwana, muli na chofunsa?"

"Nili na makina osokera," anatero Esinati. "Aba bakafa, yazachoka pa geti apa?"

"Mukafuna imwe."

"Nikakana?"

"Ninshi yakana."

"Olo abwere mukulu wao?"

"Olo abwere na bandi ya mapolisa."

Esinati anapukuta manja pa chitenje. "Tigula," anatero.

Ndinamuponda phazi. Anachotsa phazi. Ndinaseka kuseka kwanga kuja, ndinanyamuka, ndinachoka pang'ono. Nditacheuka, palibe amene ankandiyang'ana. Mkazi wanga anali atayamba kuswa nshawa. Ba Lungu thukuta linali litauma, akumwetulira ngati mwana wopambana mayeso. Ndinabwerera, popanda ngakhale chipewa choiwala, ndipo ndinalipira mtengo woyamba. Ine. Ndikanakhala ndi adiresi yolondola ya Jailosi sindikanamuuzabe.

A Yelesani anakwiya miyezi. Anati ndataya mudzi, ndagulidwa ndi mkazi, ndadzitsekera m'khola ngati nkhumba. Kenaka anabwera kudzationa, chifukwa mkwiyo suona mipando ya m'nyumba ya munthu. Tinawalandira bwino, nkhuku inafa. Maso awo anayenda pa kabati, pa wailesi, pa makina, pa malata. Pochoka anati abwereke wilibala, ali ndi manyowa oti atute. Ndinati tengani, akulu. Ndinawaperekeza dala pang'onopang'ono, bondo likundithandiza.

Pansi pa mango anaimitsidwa.

"Ba tate, iyo wilibala?"

"Ni ya mufana wanga uyu. Anipasa."

"Amake Dalitso baziba?"

"Nifunse mukazi pa katundu ya mufana wanga? Mwine ali apa, wamoyo!"

"Tiyeseza akali wamoyo," anatero ba mai Nyirenda, osakweza mutu. "Kuti siku ija musakadabwe."

Anatuma mayi wina kukaitana Esinati. Anabwera ndi tepi m'khosi, anayang'ana wilibala, anayang'ana mlamu wake, anadikira pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

"Bangatenge," anatero. "Babweze pa Chisanu."

Inabwera Lachinayi.

Pampu yafa kangapo chigulireni, ndipo nthawi zonse imafa ine ndikakhala ndilibe. Pa misonkhano ndimatsutsa chilichonse, mpaka anandisankha wogula zipangizo za sosaite kuti pakamwa panga pakagwere ena. Ndimakayikabe. Thumba la komiti ndimaliyang'anitsitsa, ndipo ba mai Nyirenda amadziwa.

Koma tsiku lina ndinapeza munthu wofuna wailesi yanga ya ku Halale pa mtengo wopusa, woti sungaupeze kawiri. Esinati anali kutchalitchi ku msonkhano wa azimayi. Ndinaikulunga m'jekete la Jailosi, ndinaipana m'khwapa, ndinayenda ngati munthu wongopita kokawongola miyendo. Pansi pa mango ba mai Nyirenda anakweza mutu.

"Atate ake Dalitso, jekete yanu ili na eriyo."

"Ni wailesi yanga, ba mai. Ninagula neka, ku Halale, na chifuwa changa."

"Tiziba. Amake Dalitso baziba?"

Ndinawauza kuti wogula akudikira pamsewu. Ndinawauza kuti ndine membala, ndine wa komiti, ndine mwini nyumba. Ndinaseka. Ndinachoka pang'ono, kulowera mkati, chifukwa kunja sakanandilola. Ndinabwerera. Ba mai Nyirenda anandisunthira njerwa ndi phazi, nandipatsa lichero.

"Ine ningakonde, tate," anatero.

Ndinakhala pansi, wailesi pamiyendo, n'kuyamba kuswa nshawa, kudikira kuti mkazi wanga aweruke kutchalitchi.